Mankhwala Ochokera M'dothi: Mafunso ndi Mayankho pa Tizilombo Timene Timachiritsa

Mvula yoyamba ikagwa pafumbi la mwezi wa Novembala, pamadzuka kafungo kamene aliyense wokulira kumudzi amakadziwa. Ana amathamangira pabwalo, amayi amaanula ufa mwachangu, abambo amayamba kufunsa komwe kudasungidwa mbewu. Timati ndi fungo la mvula, komatu madzi a mvula pawokha sanunkhira. Kafungoko kamachokera m'nthaka, ndipo eni ake ndi mabakiteriya a mtundu wa Streptomyces, amene amatulutsa kanthu kotchedwa geosmin. Mabakiteriya omwewa pamodzi ndi abale awo ndiwo adapatsa dziko mankhwala oyamba a chifuwa chachikulu, maantibayotiki ambiri a m'zipatala zathu, ngakhalenso ena mwa mankhwala amene ana odwala khansa amalandira m'diripi. Tonse tiyenera kuidziwa nkhaniyi, chifukwa chuma chimenechi tikuchimwaza ndi manja athu pamene chatsopano chikuchedwa kubwera.

Tidazolowera kumva kuti mabakiteriya amadwalitsa. Zitheka bwanji kuti akhalenso gwero la mankhwala?

Odwalitsawo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi unyinji wonse. Mu galamu imodzi yokha ya dothi lachonde mumatha kukhala mabakiteriya okwana biliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ntchito yawo ndi kuoletsa masamba ndi mapesi kuti zisanduke manyowa. M'dothimo muli mpanipani, chakudya n'chochepa, olimbirana ndi ambiri. Streptomyces sathamanga. Amamera ngati timaulusi tolowa m'nthaka, moti mdani akabwera alibe kothawira. Chida chake ndi mankhwala: amalavula timadzi timene timapha kapena kufooketsa oyandikana naye, kuti chakudya chimutsalire.

Choncho anthufe zida zimenezi sitidazipange, tidangobwereka. Mwa maantibayotiki achilengedwe amene madokotala amagwiritsa ntchito, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse adachokera ku banja la mabakiteriya lotchedwa actinomycetes, momwe Streptomyces ndiye mwana wotchuka.

Adayamba kuzindikira zimenezi ndani?

Dzina lomveka ndi la Selman Waksman, katswiri wa tizilombo ta m'nthaka pa yunivesite ya Rutgers ku New Jersey, m'dziko la America. Njira imene iye ndi ophunzira ake ankatsata ndi yosavuta kuimvetsa. Amatenga dothi pang'ono, kulisungunula m'madzi, n'kuwaza madziwo pa timbale tagalasi tokhala ndi chakudya cha tizilombo. Pakapita masiku, pambalepo pamamera timadontho tamitundumitundu. Kadontho kena kouma, kooneka ngati kawazidwa ufa, kamapezeka kuti kazunguliridwa ndi bwalo loyera pomwe palibe china chamera. Bwalo limenelo ndilo chizindikiro: mwini kadonthoko akutulutsa chinthu chimene anzake sangachiyandikire.

Mu 1943, wophunzira wake wa zaka 23, Albert Schatz, akugwira ntchito m'chipinda chapansi cha labotale, adapeza streptomycin kuchokera kwa Streptomyces griseus. Penicillin, yemwe Alexander Fleming adamuona koyamba mu 1928 ndipo amachokera ku chuku, ankalephera kachilombo ka chifuwa chachikulu. Streptomycin adakatha. Mphotho ya Nobel ya 1952 idapita kwa Waksman yekha, ngakhale kuti Schatz adali atapita kukhothi mu 1950 n'kuvomerezedwa kuti adapeza nawo mankhwalawo. Akuluakulu amene adadwalapo TB kachiwiri m'zaka za m'mbuyomu amakumbukira jakisoni wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri yathunthu. Ameneyo adali streptomycin.

Nanga pa mankhwala amene timalandira m'zipatala zathu, ndi ati ochokera kwa mabakiteriya?

Ndi ambiri kuposa momwe tingaganizire, ndipo aliwonse ali ndi kwawo. Wodwala TB akayamba kumwa mankhwala amadzidzimuka poona mkodzo wake utafiira ngati wasakanikirana ndi magazi. Si magazi ayi, ndi mtundu wa rifampicin, amene kholo lake lidapezeka m'dothi lotengedwa mu 1957 m'nkhalango ya mitengo ya paini kummwera kwa France, n'kukafufuzidwa ku Milan. Erythromycin adachokera m'dothi la ku Iloilo m'dziko la Philippines. Chloramphenicol adachokera m'dothi la ku Venezuela mu 1947. Doxycycline ndi wa m'banja limodzi ndi mankhwala amene Benjamin Duggar adapeza m'dothi la ku Missouri m'dziko la America. Vancomycin, amene amasungidwira matenda ouma mutu, adachokera m'dothi la pachilumba cha Borneo. Gentamicin, jakisoni amene wapulumutsa makanda osawerengeka obadwa kumene, amapangidwa ndi Micromonospora, mbale wake wa Streptomyces.

Palinso ena amene sapha mabakiteriya koma adani ena a thupi. Nystatin, wothira m'kamwa mwa mwana mukachita zoyerayera, adapezedwa mu 1950 ndi amayi awiri, Elizabeth Lee Hazen ndi Rachel Fuller Brown. Amphotericin B amachiza matenda oumitsa khosi amene amagwira kwambiri anthu omwe chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Kafukufuku amene Malawi idachita nawo, wofalitsidwa mu 2022, adaonetsa kuti mlingo umodzi waukulu wa mtundu wina wa mankhwalawa, pamodzi ndi mapiritsi, umagwira ntchito bwino. Ndiye pali ivermectin, amene anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi maboma oyandikana nawo akhala akulandira chaka ndi chaka polimbana ndi matenda oyabwitsa thupi ndi kupha maso. Gwero lake ndi kadothi kamene Satoshi Ōmura adatola pafupi ndi bwalo la gofu ku Japan. Iye ndi William Campbell adalandira mphotho ya Nobel mu 2015.

Tisasokoneze: amoxicillin ndi ceftriaxone makolo awo ndi chuku, pamene bactrim adapangidwa ndi anthu mu labotale.

Kupha mabakiteriya ndi kuchiza khansa n'zogwirizana bwanji?

Kugwirizanako kudayamba ndi mankhwala olephera. Mu 1940, streptomycin asanapezeke, Waksman ndi wophunzira wake Boyd Woodruff adapeza actinomycin. Mabakiteriya ankawapha ndithu, koma ankaphanso nyama zoyeserapo, choncho adamuika padera. Patapita zaka, madokotala adaganiza mwina: ngati mankhwalawa amapha maselo amene akuchulukana mofulumira, bwanji osawalozetsa ku khansa, yomwe vuto lake ndi maselo ochulukana mosaleka? Sidney Farber wa ku Boston adayesa actinomycin D pa ana odwala chotupa cha mu impso chotchedwa Wilms, ndipo zotupazo zidayamba kuphwa.

Chinsinsi chagona pa DNA, ulusi wosunga malangizo onse a selo. Selo lisanagawikane liyenera kuwerenga ndi kukopera malangizowo. Actinomycin D ndi doxorubicin amalowerera pakati pa ulusiwo monga kamtengo kolowetsedwa m'sipoko za njinga ikuyenda. Bleomycin ndiye amangodula ulusiwo ngati lumo.

Doxorubicin mbiri yake idayambira m'dothi lotengedwa pafupi ndi linga lakale la Castel del Monte kummwera kwa Italy, momwe mudapezeka Streptomyces wotulutsa madzi ofiira. Dzina lake lina, Adriamycin, lidachokera ku nyanja ya Adriatic. Bleomycin adapezedwa ku Japan ndi Hamao Umezawa m'zaka za m'ma 1960. Zonsezi zimatikhudza kwathu kuno. Pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri timangoti ku Gulupu, ana odwala chotupa cha Wilms akhala akuthandizidwa ndi actinomycin D ndi doxorubicin pamodzi ndi vincristine, yemwe amachokera ku duwa la ku Madagascar. Bleomycin naye wathandiza kwa zaka zambiri odwala Kaposi sarcoma, khansa ya zotupa zakuda pakhungu yomwe ndi imodzi mwa zofala kwambiri m'dziko muno.

N'chifukwa chiyani mankhwala a khansa amazunza wodwala kuposa maantibayotiki, pamene gwero lawo ndi limodzi?

Bakiteriya ndi mlendo m'thupi, ndipo kapangidwe kake n'kosiyana ndi kathu. Ali ndi khoma lomuzungulira limene maselo a munthu alibe. Vancomycin amaletsa kumangidwa kwa khomalo, munthu osakhudzidwa kwenikweni. Timakina ta bakiteriya topangira mapuloteni n'tosiyananso ndi tathu, ndipo erythromycin ndi doxycycline amatchinga pamenepo. Koma selo la khansa ndi mwana wa m'nyumba momwemo amene wapanduka. Lidachokera m'thupi lathu, choncho chida cholasa ilo chimapsepsezanso maselo abwino amene amachulukana msanga: a tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a m'mafupa opanga magazi.

Taganizirani mayi wokhala pambali pa bedi la mwana wake. Namwino wavala magolovesi, akulowetsa pang'onopang'ono mankhwala ofiira kuti psuu m'mtsempha wa kadzanja. Madzulo mwana akusanza, mawa lake mkodzo wafiira, pakapita milungu iwiri kapena itatu tsitsi likutsalira pachitenje. Kumudzi ena ayamba kale kunena kuti, "Kamutengeni mwanayo, mankhwalawo amumaliza." Apa m'pamene mabanja ena amathawitsa wodwala, ndipo n'zomvetsa chisoni, chifukwa tsitsi limameranso, kufiira kwa mkodzo kumatha pa tsiku limodzi kapena awiri, pamene chotupa chosiyidwa panjira chimabwerera ndi mphamvu. Walira mvula walira matope. Zoopsa zenizeni madokotala amazidziwa ndipo amazilondera: doxorubicin akachuluka amafooketsa mtima, bleomycin amaumitsa mapapo, n'chifukwa chake amawerengetsa mlingo wonse umene munthu walandira kuyambira tsiku loyamba.

Ndiye kuti kudya dothi, kapena kulipaka pachilonda, kungachiritse?

Ayi, ndipo apa pafunika kunenetsa. Mankhwala amene ali m'dothi ndi ochepetsetsa, osakanikirana ndi zinthu zina zikwizikwi. M'dothi momwemo mumakhala mazira a njoka za m'mimba ndi kachilombo ka kafumbata, kamene kapha makanda ambiri opakidwa dothi kapena ndowe pamchombo. Kuti pakhale kapusozi mmodzi, bakiteriya woyenera amapatulidwa yekha, amaweteredwa m'mathanki akuluakulu achitsulo momwe amapatsidwa chakudya ndi mpweya, kenako mankhwalawo amasefedwa, kuyeretsedwa ndi kuyezedwa mlingo. Nthawi zambiri akatswiri amawakonzanso kuti alowe bwino m'magazi.

Komabe pali nkhani imodzi ya mu Africa muno yochititsa chidwi. Mu 1980 ofufuza adalengeza kuti apeza tetracycline m'mafupa a anthu a ku Nubia, komwe lero ndi Sudan, amene adakhalako zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Mafupawo ankawala akaunikidwa ndi kuwala kwapadera. Ofufuzawo adaloza ku mowa umene anthuwo ankafulula ndi mbewu zomwe mudamera Streptomyces. Ngakhale pamenepo, zikuoneka kuti mankhwalawo adachuluka chifukwa tizilomboto tidaweteredwa m'phala, osati chifukwa cha kubwira dothi.

Ngati mankhwalawa ndi amphamvu chonchi, bwanji tikumva kuti ayamba kusagwira ntchito?

Wosula mkondo amasulanso chishango. Bakiteriya wopanga poizoni ayenera kudziteteza kuti asadziphe yekha, ndipo oyandikana naye nawonso adaphunzira kuzemba. Malangizo a kuzembako amalembedwa mu DNA, ndipo mabakiteriya amapatsirana tizidutswa ta DNA ngakhale asali a mtundu umodzi. Mu 2011 asayansi a ku Canada adapeza malangizo otere m'dothi louma ndi chisanu la zaka 30,000. Kusamva mankhwala kudalipo ife tisanabadwe. Chimene ife tachita ndi kukufulumizitsa.

Nthawi iliyonse munthu akamwa antibayotiki, tizilombo tofooka timafa, tolimba n'kutsala ndi malo onse. Izi zidaoneka msanga ndi streptomycin: m'kafukufuku wa ku Britain wa 1948, odwala ambiri adayamba kupeza bwino koma tizilombo ta ambiri tidasiya kumva mankhwalawo patangopita miyezi yochepa. N'chifukwa chake lero TB imayambidwa ndi mankhwala anayi nthawi imodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2022 adapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse adamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chiwerengero poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu chidali chokwera kwambiri kuno kummwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Gulupu, ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome adaunika magazi a odwala kwa zaka zambiri. Mu 2003, mwa tizilombo 100 ta mtundu wa Klebsiella, pafupifupi 12 ndito tinkapirira mankhwala a gulu la ceftriaxone. Pofika 2016 tidali titaposa 90. Kumbuyo kwa manambalawa kuli makanda a m'chipinda cha ana obadwa kumene.

Bwanji osangobwerera m'dothimo kukatenga ena atsopano?

Kuyambira m'ma 1940 mpaka m'ma 1960 makampani adasanthula dothi la m'mayiko ambiri, ndipo pafupifupi magulu onse akuluakulu a maantibayotiki amene tili nawo adapezeka nthawi imeneyo. Kenako kusaka kudayamba kugwetsa ulesi: mbale iliyonse yooneka yolonjeza inkapezeka kuti ndi streptomycin kapena tetracycline yemwe uja. Zipatso za m'munsi zidali zitathyoledwa. Vuto lina n'lakuti mwa mabakiteriya 100 a m'dothi, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amalola kumera m'mbale ya mu labotale.

Palinso nkhani ya ndalama. Kukonza mankhwala atsopano kumadya zaka khumi kapena kuposerapo. Antibayotiki amamwedwa masiku owerengeka, ndipo watsopano madokotala amamusunga kuti azigwiritsidwa ntchito pokhapokha ena onse akalephera. Ndi nzeru yabwino pa zaumoyo, koma wogulitsa sapindula. Kampani ya ku America ya Achaogen idapeza chilolezo cha antibayotiki watsopano, plazomicin, mu 2018, ndipo chaka chotsatira idagwa ndi ngongole. Makampani akuluakulu ambiri adasiyiratu ntchito yosaka maantibayotiki.

Chiyembekezo chilipo?

Chilipo, ndipo chikuchokera mbali zitatu. Yoyamba ndi kuwerenga DNA. Mu 2002 akatswiri a ku Britain atawerenga DNA yonse ya Streptomyces coelicolor, yemwe ankaganiza kuti amamudziwa bwino, adapeza kuti ali ndi malangizo opangira mankhwala oposa 20, ambiri mwa iwo osadziwika. Zili ngati nkhokwe yomwe tinkangotapa pamwamba. Tsopano ntchito ndi kudzutsa malangizo ogonawo.

Yachiwiri ndi kunyengerera mabakiteriya okana kumera. Kim Lewis ndi Slava Epstein a ku Northeastern University adagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa iChip: amaika bakiteriya mmodzimmodzi m'timabowo, n'kukakwirira kachipangizoko m'dothi momwe adachokera kuti akule ali kwawo. Mwanjira imeneyi, mu 2015 adalengeza za teixobactin, wochokera m'dothi la ku Maine m'dziko la America. Mu 2025 ofufuza a ku McMaster University ku Canada adalengeza za lariocidin, wochokera m'dothi la kuseri kwa nyumba, limene adalisunga mu labotale pafupifupi chaka chathunthu kuti tizilombo tochedwa kukula tionekere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yachitatu ndi kusaka kumalo kumene kale kunkadumphidwa, monga pansi pa nyanja. M'matope a m'nyanja ya ku Bahamas mudapezeka Salinispora tropica, ndipo mu 2003 William Fenical ndi Paul Jensen adalengeza za salinosporamide A, wopha maselo a khansa mwamphamvu.

Ndiye tikamva pa wailesi kuti asayansi apeza mankhwala atsopano a khansa, tiyambe kusangalala?

Tizimvetsera bwino kuti apeza pa mlingo uti. Kupha maselo a khansa m'mbale si kovuta. Ngakhale poizoni wamba amatero. Funso ndi lakuti, kodi angaphe chotupacho munthu n'kutsala wamoyo? Akachoka m'mbale, mankhwala amayesedwa pa nyama, kenako pa anthu ochepa kuti aone ngati sapweteka, kenako pa anthu mazana, pomaliza n'kupikisanitsidwa ndi mankhwala amene alipo kale. Ambiri amathera panjira. Salinosporamide A uja, atapatsidwa dzina loti marizomib, adafika mpaka pa mayeso aakulu a khansa ya mu ubongo, koma sadatalikitse moyo wa odwala. Teixobactin, patatha zaka khumi, sadafike pa shelefu ya chipatala. Choncho munthu akakuuzani pa WhatsApp kuti akugulitsa mankhwala atsopano ochiza khansa iliyonse, sungani ndalama zanu, pitani kuchipatala.

Nanga dothi lathu lino? Ndipo china chikapezeka, wopindula ndani?

Tili ndi malo amene mlenje wa tizilombo angawasirire: nkhalango za pa phiri la Mulanje, matope amchere a nyanja ya Chilwa, akasupe otentha a ku Chiweta, ngakhale zulu za m'minda mwathu. Malo achilendo amaweta tizilombo tachilendo. Tilinso ndi mayunivesite monga KUHeS, MUST ndi LUANAR momwe achinyamata akuphunzira sayansi ya zamoyo. Gawo loyamba la kusaka, lija la timbale tagalasi, silifuna makina odula kwambiri. Chofunika ndi thandizo lokhalitsa la ndalama, magetsi odalirika ndi mgwirizano wachilungamo ndi malabotale akunja.

Chilungamocho n'chofunika chifukwa mbiri ili ndi mabala. Abelardo Aguilar, dokotala wa ku Philippines amene adatumiza dothi la ku Iloilo mu 1949, adamwalira osalandira gawo la phindu la erythromycin. Pofuna kuthetsa zotere, mayiko adagwirizana pangano la Nagoya mu 2010, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2014, ndipo Malawi ili momwemo. Panganoli limati wotenga zamoyo m'dziko la eni ayambe wapempha, ndipo phindu ligawidwe. Mfumu kapena mlimi akaona alendo akudzaza dothi m'timabotolo ali ndi ufulu wofunsa kalata ya chilolezo.

Pamene tikudikira atsopanowo, munthu wamba achite chiyani?

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mankhwala amene tili nawo lero ndiwo athu enieni, ndipo kuwasunga kuli m'manja mwathu. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo antibayotiki sachita kanthu pa mavairasi. Makapusozi awiri ogula pabenchi ya pamsika amangophunzitsa tizilombo ta m'mimba mwanu kuzemba. Dokotala akakupatsani mankhwala, imwani monga wanenera, osagawirako mnzanu, osasungirako mawa. Wodwala TB amalize miyezi yake isanu ndi umodzi ngakhale thupi litabwerera kale. Woweta nkhuku asathire makapusozi a anthu m'madzi a anapiye, afunse alangizi a ziweto. Ana abayitse katemera, m'manja tisambe ndi sopo, madzi akumwa tiwasamale, pakuti matenda opewedwa safuna antibayotiki. Ndipo mwana akatupa mimba mbali imodzi, kapena munthu akaona chotupa chosapola, tisachedwe nazo kunyumba.

Mvula ikadzagwanso pafumbi chaka chino, kafungo kaja kadzatikumbutse eni ake. Adatibwereka zida zimene adazisula kwa zaka mamiliyoni, ndipo m'zaka 80 zokha ife tabunthitsa zambiri mwa izo. Zotsalazo tizigwire ndi manja awiri, kuti mwana amene adzabadwe mawa ndi thupi lotentha adzapeze jakisoni akugwirabe ntchito.